Apongozi pa Chiwongolero

Boti linali la mkazi wanga. Ndinene zimenezi poyamba, chifukwa anthu a ku tchalitchi kwathu ku Partick, kuno ku Glasgow, mpaka lero amaganiza kuti ine ndi amene ndinapenga n'kukagula chiboti chakale cha matanga ngati mzungu wopuma pa ntchito. Ine ndine makanika wa mabasi. Ndinabadwira ku Mchinji, ndipo madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a m'dambo mvula ikachuluka. Mkazi wangayo ndi amene anaphunzira zoyendetsa maboti ali pa sukulu ku Hillhead, anzake atamukokera ku mtsinje wa Clyde Loweruka lina, ndipo anabwerako mutu utatembenuka. Atayamba ntchito ya unesi anapeza boti lotopa limene mwini wake ankangofuna kulichotsa pamaso pake. Ndinakana, ndinatukwana, kenako ndinapezeka ndikulipala utoto.

Pamadzi ntchito tinkagawana bwino. Iye ankagwira chiwongolero, ine ndinkakoka zingwe za matanga n'kumasanza, mwana wathu wamkazi ankadya mabisiketi. Botilo linali ndi otopailoti, makina amene amagwira tsigiro okha kuti munthu apume manja, koma mkazi wanga ankati zimenezo n'za alesi. Ankaiyatsa mwa apo ndi apo, akapita yekha ine ndili pa shifiti.

Khansa inamutenga m'nyengo yozizira, mwana ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinamuika kuno ku Glasgow chifukwa ndi zimene ananena yekha, kuti mwana azitha kukwera basi n'kupita pa manda. Amayi ake anabwera kuchokera ku Dowa matenda atafika povuta. Anamupeza akadali moyo, anamusambitsa, anamutseka maso, ndipo maliro atatha anatsala nafe m'fulati mwathu kudikira kuti viza ithe.

Tsono munthu wa kuno sangamvetse mmene tinkakhalira m'nyumbamo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sakhala mpando umodzi, sadyera pamodzi. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Si udani ayi, ndi ulemu, ndipo apongozi anga anali a mwambo weniweni, osati za m'tauni zopatsana moni wa m'manja. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, tchire ndi lambiri. Koma m'fulati ya zipinda ziwiri, ya kakhonde kamene anthu awiri sangadutsane osakhudzana mapewa, mupatukira kuti? Ndikamva chitseko chawo chikutseguka ndinkathawira m'bafa. Iwo akamva makiyi anga pa masitepe ankanyamula tiyi wawo n'kukamalizira kuchipinda. Kale mkazi wanga ndi amene ankanyamula mawu pakati pathu, uku akutiseka tonse awiri. Atapita, mawu ankadzera mwa mwana, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chimene agogo ake ankati chikumveka ngati munthu akutafuna mbatata yotentha. Mwana akakhala kusukulu, apongozi ankalankhula ndi firiji. "Mkaka watha m'nyumba muno," ankatero, ine ndili kuseri kwa chitseko, ndipo madzulo mkaka unkabwera.

Nkhani yaikulu sinadzere mwa mwana kapena firiji. Inabwera pa foni, kuchokera kwa achimwene awo a apongozi, eni mbumba. Anayamba ndi kupepesa, anafunsa za nyengo, kenako anafika pamene ankapita. Anati mlongo wawo akamabwerera abwere ndi mwana. Anati mwana ndi wa kuchikazi, ine ndikudziwa, anapiye amatsata thadzi osati tambala. Anati malo a sukulu apezeka kale ku Lilongwe. Ndinayankha kuti ndamva, monga mmene mkamwini amayankhira, ndipo nditadula foni ndinamenya khoma mpaka a fulati yoyandikana anagogoda.

Ndinkadziwa kuti lamulo la kuno lili kumbali yanga. Popanda siginecha yanga mwana sakanakwera ndege. Koma lamulo silinkandithandiza pa chimene chinkandidya. Mayi ameneyu anali atakwirira mwana wake wamkazi yekhayo m'dothi la eni, ndiye ine ndimukanize ndi mdzukulu yemwe? Komanso pansi pa mtima ndinayamba kuopa kuti mwina akunena zoona. Tsitsi la mwana sindinkatha kuluka. Mashifiti anga anali osokonekera. Mwana akandifunsa za amayi ake ndinkayamba kukamba za homuweki. Apongozi sanatchulepo nkhaniyi, koma ndinaona kuti ayamba kupinda zovala za mwana zimene zinali zopepuka n'kuziika pazokha.

Dzuwa litayamba kuchedwa kulowa, mwana anapempha kuti tipite ku boti. Ndinasangalala kuposa mmene ndinaonetsera. Ndinadziuza kuti ndikatha kumutulutsa pamadzi ndekha n'kumubweza ali bwino, ndiye kuti zinazo ndingazithenso. N'zopusa, ndikudziwa, koma munthu woferedwa amagwira chilichonse. Vuto linali loti manja ndili nawo awiri. Sindikanatha kugwira chiwongolero n'kukokanso matanga, choncho titatuluka padoko ndinayatsa otopailoti ija.

Inagwira ntchito, koma ndi phokoso. Nthawi iliyonse ikakankha tsigiro kunkamveka gu! pansi pathu, kenako kubuula kwautali kumene kunkayenda m'thupi lonse la boti mpaka m'mano. Gu! n'kubuula. Gu! n'kubuula. Ndinatembenuka kuti ndiseke naye mwana, ndinamupeza wagwira makutu, misozi ili chuchuchu. Anati zikumveka ngati bedi la kuchipatala lija, pamene manesi ankadina batani kuti awadzutse amayi ake. Ndinazimitsa pomwepo. Tinabwerera ndi injini, matanga osakweza n'komwe, ndipo m'sitima ya pamtunda popita kunyumba anandiuza osandiyang'ana kuti sadzakweranso botilo likamalira choncho.

Ndinayamba kupita ndekha masiku opuma. Makinawo amakhala kumbuyo kwa boti, pansi pa benchi, m'kabokosi kotchedwa loka, kamene munthu amalowa chamutu miyendo n'kutsala kunja. Ndi mota yokhala ndi mkono wachitsulo umene umatuluka ndi kubwerera, kukankha ndi kukoka tsigiro. Tsinde lake analimanga ndi mabawuti pa thabwa. Mabatani ake ali pamwamba, pafupi ndi chiwongolero. Ndiye taganizani. Ndidine batani, ndithamange, ndilowe chamutu, pofika mkati mkono waima kale. Tsiku lina ndinadzigunda pamphumi mpaka kutupa, ndipo kuntchito anzanga anandifunsa ngati apongozi ayamba kumenya.

Eni maboti oyandikana, anthu abwino ndithu, aliyense anali ndi matenda ake oti andipatse. Wina anati mwalowa mpweya mu oyilo, chikhalirecho yanga ilibe oyilo. Wina anati ndingogula yatsopano. Mayi wina wa imvi anati makinawo akutekeseka kwambiri ndi timafunde, ndiwachepetse changu. Ndinachepetsa, ndipo phokoso linayamba kubwera patalipatali, koma likabwera linali lomwe lija. Ndinayeza batire, linali bwino. Ndinapaka girizi pa pini ya kumapeto kwa mkono. Ndinamanga mabawuti awiri amene ndinkawaona. Gu! n'kubuula. Ine amene basi ikangodutsa ndimadziwa chimene chikuivuta, kanthu kotalika ngati mkono wanga kanandigonjetsa, ndipo ndinkakwiya mpaka kulankhula nako mawu oti sindingalembe pano. Chimene ndinkasowa chinali munthu woti azidina ine ndili mkati. Anzanga a ku tchalitchi ena anali pa shifiti, ena anati iwo ndi madzi anasiyana kalekale.

Tikiti ya apongozi itayandikira, m'mawa wina ndinawamva akuuza mwana akumanga nsapato. "Uwauze bambo ako kuti ndisanapite ndikufuna ndikaone katundu yense wa malemu. Ndi bwato lomwe." Mwana anandiuza, ngakhale ndinali nditamva kale. Kukana kunalibe. Katundu wa malemu amaonedwa ndi eni ake.

Tinapita tsiku la pakati pa sabata, mwana ali kusukulu. Pa siteshoni ya Partick ine ndinatsogola, iwo akubwera m'mbuyo. M'sitima iwo anakhala kumapeto uku, ine kumapeto uko, ndipo aliyense ankayang'ana mtsinje pa windo lake. Padoko panali kamphepo kozizira. Anayenda pa kamlatho koyandama mwapang'onopang'ono, chitenje pamwamba pa thalauzi, manja atatambasula. Pokwera m'boti munthu amafunika kumugwira dzanja. Ine ndinakokera boti pafupi ndi chingwe, ndinagwira zolimba, nkhope nditalozetsa kutsidya, mpaka ndinamva boti lapendekeka ndi kulemera kwawo.

Anatsikira mkati. Ndinawamva akutsegula timakabati, akugwira makapu. Atatuluka anakhala pa benchi kuseri kwa chiwongolero, pamalo pa mwana wawo, ngakhale panalibe amene anawauza. M'boti mulibe kothawira. Maso anga anasowa kolowera, ndiye ndinatenga tochi ndi sikuludiraiva yaitali, ndinatsegula loka, n'kulowa chamutu.

Mkati muja, fungo la girizi lili m'mphuno, ndinazindikira kuti sindikuwaona ndipo iwo sakundiona. Pakati pathu panali thabwa. Ndinakhosomola.

"Kukanakhala kuti pamwambapo pali munthu," ndinauza mota, "akanandithandiza kudina kabatani."



"Munthu alipo," anatero. "Kofiira kapena kobiriwira?"

Kanali koyamba chikwatirire kuti mawu awo abwere kwa ine osadzera kwina. Ndinawauza kuti ayambe kobiriwira, awerenge pang'ono mumtima, kenako kofiira. Anadina. Gu! n'kubuula. Ali pamwamba anati, "Mayo! Chimenechi n'chimene chinaliza mwana?" Ndinati eya. Sindinkadziwa kuti nkhaniyi inawafika.

Ndinagwira ntchito mmene ndimagwirira pa basi. Nsonga ya sikuludiraiva pa chitsulo, chigwiriro pa khutu. Pa mota, phokoso linali losalala, lopanda mchenga. "Dinaninso, amayi." Pa mkono, bwinobwino. "Kofiira." Pa pini, kugogoda pang'ono koma kochokera kwina. Tinapitiriza choncho, iwo akudina, ine ndikusuntha, ndipo anayamba kuzolowera mpaka kumadina ndisanapemphe.

"Akamwini," anatero, "ine za makina sindidziwa, koma pansi pa phazi langa lamanzereli pakunjenjemera."

Phazi lawo linali pamwamba pa tsinde la makina. Ndinakwawira mkati mpaka nthiti kuwawa, ndinaika sikuludiraiva pa tsindepo, ndipo atadina inandimenya khutu. Ndinawalitsa tochi. Mkono ukamakankha, tsinde lonse linkadzuka pang'ono kumbuyo n'kumenya thabwa, ndipo thabwalo ndi limene linkabuula. Kuseri kunali mabawuti ena awiri amene sindinkawaona, olefuka. Pansi pake panali tinyenyeswa ta labala ya buluu.

Ndinamasula onse anayi n'kunyamula makinawo. Pansi panali kachidutswa ka labala kodulidwa mwaluso ndi mpeni, kobooledwa malo anayi, kophwatalala ngati pepala ndipo mbali ina katatheratu. Pakati pake panali bowo lachisanu limene silinali la bawuti. Ndinaliyang'ana kwa kanthawi ndisanazindikire kuti ndi polowa chingwe cha pakati pa zala. Inali patapata. Mkazi wanga anamva phokosoli kalekale ali yekha pamadzi, analowa m'loka momwemu, anadula patapata yake n'kuyalira makina, ndipo kwa mwamuna wake makanika sananene kanthu. Ndinaseka, ndipo kusekako kunasanduka zina. Ndinaluma mkono wa juzi kuti zisamveke pamwamba.

"Mwapeza chiyani?"

Ndinatulutsa dzanja lokha kunja kwa loka. Ndinamva kachidutswako kakuchoka pa zala zanga.

"Izi ndinamugulira ndine pa msika wa ku Mponela," anatero. "Ankati za kunozi zimaterera. Bambo ake ankachita chimodzimodzi ndi mabuleki a njinga. M'nyumba mwathu munalibe patapata yokhala ndi inzake."

M'bokosi la zida ndinali ndi labala yochindikala ya kuntchito. Ndinaikokera mkati n'kuyamba kudula, chagada, tochi ili pakamwa. Ndikudula choncho iwo anayamba kufunsa, ndipo ankafunsa molunjika, zinthu zimene firiji sikanatha kunyamula. Anafunsa ngati mwana wawo anadziwa msanga kuti sachira. Ndinachotsa tochi pakamwa n'kunena kuti anadziwa, nesi sungamubisire. Anafunsa ngati zoti aikidwe kuno ananenadi yekha kapena ndinamuuza ndine. Ndinati ananena yekha, ndipo ine ndinamutsutsa. Anati, "Ndimadziwa. Ameneyo kumuuza zochita kunali kutaya malovu."

Kenako anati, "Achimwene anakuimbirani."

"Anandiimbira."

"Munawayankha kuti mwamva. Ine sindikufunsa zimene munamva. Mwanayu mukumufuna?"

Mpeni unaima. Ndikanakhala kuti ndikuwaona sindikanatha. Koma ndinkayang'ana thabwa, ndiye ndinanena. Ndinati ndikumufuna, amayi, ndikumufuna kwambiri. Ndinati kuluka sinditha, kuphika ndimapsereza, akalira sindidziwa chonena, koma akakwera ndege imeneyo ine ndidzakhala ndikubwerera ku fulati ija kudzatani? Ndinati akapita nditsala ndi chiyani?

"Nanga ine ndatsala ndi chiyani?"

Sanakweze mawu. Madzi ankamenya m'mbali mwa boti pafupi ndi khutu langa.

"Ndikakatsika basi kwathu," anapitiriza, "anthu adzabwera kudzandilandira. Adzafunsa kuti manda ali kuti, ndidzati ali kutsidya kwa nyanja. Adzafunsa kuti nanga mwana, ndidzati ali komweko. Adzati ndiye munapitiranji? Ndakhala ndikuganiza zimenezi miyezi yonseyi. Ndinkati ndikabwera naye, pakhomo padzamveka phazi la mwana, ndidzakhala ndi womutuma madzi, womukalipira."

Ndinamva akupukuta mphuno ndi chitenje.

"Dzana ndinkamuluka tsitsi. Anayamba kulira, osati chifukwa chokoka ayi. Ankalankhula, akulira, akulankhula, mawu ambirimbiri. Ine sindinatolepo ngakhale amodzi. Mdzukulu wanga, ali pamiyendo panga, akundiuza za amayi ake, ine ndili ngati chitsa. Ndinangomusisita. Inu mutalowa anathamangira kwa inu, tsitsi lili theka, ndipo munamva zonse. Simunamuyankhe zanzeru, ndinaona, koma munamva." Kenako anati, "Mwana akhale. Achimwene ndikalimbana nawo ndekha, ndinawabereka kumsana amene aja. Koma azibwera. Ndipo mumuphunzitse kulira m'Chichewa, kuti tsiku langa likadzafika ndidzamumve."

Ndinangoti, "Amayi." Iwo anati, "Malizani ntchito."

Ndinaboola labala, ndinaiyala, ndinabwezera makina, ndinamanga mabawuti onse anayi ndi mawashala atsopano mpaka sipanala kukana. Ndinawapempha adine. Mkono unatuluka, unabwerera, ndipo kunangomveka kulira kwa mota kwapansipansi. Anadina kofiira, kobiriwira, kofiiranso. Phokoso lija linali litapita. Ndinagona momwemo, chisangalalo ndi chisoni zitandikhala pachifuwa zonse ziwiri, chifukwa ndinkadziwa kuti zanga zayenda pamsana pa mayi amene akubwerera kwawo ndi kachidutswa ka patapata.

"Tulukani," anatero.

Ndinati ndikusonkhanitsa zida.

"Zida zilibe miyendo. Tulukani. Za mwambo wokusudzulani ndi za achimwene, adzachita pa nthawi yake. Koma ine ndinkakuthawani chifukwa cha mwana wanga, ndipo mwana wanga kulibe. Ndithawenso chiyani? Amene mukundisungira mdzukulu ndikufuna ndikuoneni."

Sindinkafuna kutuluka. Miyezi yonse ija ndinkadandaula za kubisala m'bafa, koma tsopano ndinaona kuti nthawi zonse pamene tinkathawana, mkazi wanga anali akadali pakati pathu. Ndinatuluka chafutambuyo, girizi ali m'tsitsi, n'kugwada pansi pa boti. Ndinayang'ana nsapato zawo.

"Kumaso," anatero.

Ndinakweza mutu. Zaka zonse zija ndinkawadziwa apongozi anga ndi msana, ndi mpango, ndi mawu a kuseri kwa chitseko, ndipo pa zithunzi ndinkadutsa msanga. Sindinkadziwa kuti mkazi wanga anatengera amayi ake chonchi. Mphumi yomweyo, kampata ka pakati pa mano komweko, nsidze yamanzere yokwera pang'ono ngati munthu amene sakukhulupirira zimene ukunena. Inali nkhope ya mkazi wanga ili ndi makwinya ndi imvi, imene ndinkayembekezera kudzaiona tikadzakalamba.

Nawonso anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaonda," anatero.

Kenako anaika manja kumutu n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwa kwathu, kotchula mwana ndi kumufunsa chifukwa chake watsogola, kumene pa manda a kuno anakumeza poona kuti aliyense wangoima chete ndi ambulera. Anthu a m'maboti oyandikana anasuzumira n'kubwereranso mkati. Ine sindinawatonthoze. Ndinadzuka, ndinakhala pa benchi lomwelo pambali pawo, ndipo ndinalira nawo.